Pasipoti Ikuti Ndili ku Lusaka

Lachinayi, 14 Febuluwale 2002. Kumudzi, kwa Mlonyeni.

Bambo tinawaika dzulo, Lachitatu la Phulusa. Akatekisiti anabwera ndi phulusa m'kabotolo n'kutipaka pamphumi adzukulu asananyamule bokosi. Ntchito ziwiri ulendo umodzi. Sindinalire mpaka pobwerako, nditaona nsapato zawo za kutchalitchi pakhonde. Zopolisha bwinobwino.

Uthenga unandipeza Lolemba ku Lusaka, pa foni ya ku hositelo, ndikuchokera m'kalasi. Lachiwiri masana ndinali pa Chipata. Msuweni wanga Gerald, mwana wa amalume a Vitus, akundidikira ndi njinga. Ati, "Asuweni, za pa boda zingotichedwetsa, tidzere kudambo." Tinadzeradi kudambo, njira imene ndayenda chiyambire kuvala diresi. Mutu wanga unali kwa bambo basi.

Manda athu ali m'kankhalango tsidya la dambo lomwelo. Pa mapu a m'kalasi mwathu, pamenepo ndi Zambia. Amoyo kuno, akufa uko, ndipo palibe mtembo umene unafunsidwapo pasipoti. Anthu pa maliro amangondiloza ndi milomo, ndi uyo wophunzira kunja, uyo wa za ubale wa mayiko. Kunja kwake komwe mbuzi zathu zimakadya m'mawa n'kubwerako madzulo. Bambo amanditchula kuti akazembe. Amanena akuseka, koma amatanthauza.

Pochoka kumanda ndinacheuka. Ndimangofuna kuona mtumbira komaliza. Amayi, amene anthu awiri amachita kuwagwirizira kuti ayende, anapeza mphamvu yonditsina pamkono. "Kumanda sacheuka, Benedicta." Pamene panalowa zikhadabo pakuonekabe.

Mayeso otsiriza chaka chachitatu ayamba Lolemba pa 25. Pepala loyamba ndi la malire a mayiko ndi malamulo ake. Masisitere amene amandilipirira sukulu ananeneratu tsiku loyamba: wobwereza samunyamula. Ndikaphonya, ulendo wathera pomwepa.

Lachisanu, 15 Febuluwale

Amalume a Vitus atikhazika pansi pa mango. Akuti mwana wa malemu asachoke tisanamete. Kumeta kukufuna thobwa, abale a bambo ochokera ku Kasungu sangabwerere kukhosi kouma, angatiyese anthu otani. Chimera amayi ali nacho pang'ono m'kamphika. Ufa ndiwo mulibe, m'mudzi monse. Chaka cha njala n'chino. Ogona pa maliro akudya nkhwani ndi phala la madeya. Chimanga m'munda chili ndi ndevu chabe, amuna akulondera ndi zikwanje.

Ndanena za mayeso. Mwaulemu, nditagwada, manja pamodzi. Amalume: "Mayesowo ndi a ku Zambia, malirowa ndi a kuno." Ndimafuna ndiwakumbutse kumene mtembo wagona, ndameza. Ndayang'ana amayi. Maso pansi, zala pa kolona. Pa za mwambo amayi ndi amalume ndi munthu mmodzi, ndimadziwa kale.

Mawa Gerald apita kwa amayi aang'ono a Anasi, amene anakwatiwa tsidya lija la Zambia, kukatenga chimanga. Iwo akuti adakali nacho. Chikabwera, kuchigayo, thobwa, kumeta Lachitatu. Lachinayi ndinyamuka. Nthawi ilipo. Ndikudziuza choncho.

Loweruka, 16 Febuluwale

Denga ladontha pa chikwama. Ndatulutsa zonse kuyanika pa mphasa, manotsi, zovala, pasipoti. Pounika ngati pemiti ya sukulu yanyowa, mtima unangoti myu. Chidindo chomaliza: kulowa m'Zambia, Januwale. Chotuluka palibe. Cholowa m'Malawi palibe. Ine ndakhala pa mphasa ya amayi, pasipoti ikuti ndili ku Lusaka.

Chaka chachitatu ichi ndikulemba za malire. Mwezi watha ndinaima kutsogolo kwa kalasi, khosi mwamba, kufotokoza kuti dziko limakhala dziko chifukwa limadziwa amene walowa ndi amene watuluka. Alekichala anandiyamikira pamaso pa onse. Ndiye ndadumpha dambo pa kaliyala ngati thumba la mtedza. Maulendo ena onse ndimadzera pa boda, kufola, kudinditsa, kunyada nazo pamwamba. Ulendo umodzi wokhawu. Ndaseka ndekha mpaka amayi a gulu la kutchalitchi la Legio, amene akugona ndi amayi m'siwa, anasuzumira kuona ngati ndazungulira mutu.

Koma nkhani yake siyovuta. Njira imene ndinadzera ndi imene ndibwerere. Ndikangoponda pa Chipata, kabukuka kayambanso kunena zoona. Sindiuza munthu.

Gerald wanyamuka m'mawa, thumba lopanda kanthu pa kaliyala, akuimba likhweru.

Lamlungu, 17 Febuluwale

Mapemphero pakhomo pano. Mawu a anthu ochepa mphamvu, nyimbo zikuthera pakati.

Ndapeza wailesi ya bambo, mabatire akutha. Madzulo aliwonse amamvera nkhani za kuno, kenako n'kupotoza kumvera za ku Lusaka. Ndikabwera pa holide amandisungira mafunso. Awa akumenyana ndi awa chifukwa chiyani? Nanga awa anagwirizana dzana lomweli? Ndikayankha za m'buku amagwedeza mutu, ati ndi nkhani ya malire a munda basi, kungoti eni ake ali ndi ndege. Ndimakwiya nazo. Lero ndikanalola andikwiyitse.

Gerald mwina wagona kwa a Anasi.

Lolemba, 18 Febuluwale

Gerald sanabwere. Amalume chikhalire pa chulu, dzanja pamphumi.

Nkhani yabwera ndi amayi amene anapita kukathyola ndiwo kudimba. Kudambo kuli amayunifomu a tsidya lija, ndi mfuti. Tenti yobiriwira panjira penipeni, pamene timavulira nsapato powoloka. Akuti chimanga chawo chisatulukenso, njala yawafika nawonso. Njinga zaunjikidwa pansi pa mtengo. Ya Gerald aizindikira ndi chishalo chake chomanga ndi mphira wofiira.

Akugwira wotuluka ndi thumba. Akugwiranso wolowa wopanda thumba, poti akupita kukatenga thumba. Nanga wolowa ndi chikwama cha mabuku?

Ndatsegula manotsi, mzere womwewomwewo, osalowa. Ndili ndi mantha. Ndalemba apa, mwina achepa. Sanachepe.

Amalume akuti ngati chimanga sichinafike ndiye kuti kumeta sikunafikenso. Za mwana wawo akulankhula zochepa kuposa za thobwa, koma ndawaona pokulunga fodya, theka anathera pansi.

Lachiwiri, 19 Febuluwale

Ndanamizira foni, ndapita ku boma. Pa matola, kuima ndi mwendo umodzi. Kwa a Osman, a sitolo imene bambo amagulitsako mtedza chaka ndi chaka. Iwo amaoloka sabata iliyonse kukaoda sopo ndi mafuta ku Chipata, pa boda penipeni, mawindo onse awiri amawadziwa. Anandipepesa za maliro, anatsegula pasipoti, anaitseka msanga ngati yawaotcha.

Ati, "Mwana wanga, pawindo la kwathu akakufunsa kuti unalowa bwanji, mwina achita chifundo poti ndi maliro. Pawindo linalo funso ndi limodzi: munthu amene sanatuluke alowa bwanji? Pamenepo pemiti yatha." Ndinafunsa ngati kunena zoona sikungathandize. Akuti mwezi wina mwina, mwezi uno ayi, onse mitima ili m'mwamba ndi za chimanga.

Kenako motsitsa mawu. Alipo munthu kuseri kwa msika amene ali ndi zidindo zakezake, za mbali zonse ziwiri. Sanati pita. Anati iwo mwana wawo sangamutume kumeneko. Ndinapitabe mpaka pa ngodya, ndinachiona chitseko chake cha malata, ndinaima. Ndikagwidwa ndi chabodza si pemiti yokha, ndi ndende, ndi dzina loipa mpaka kumanda. Kazembe wa chidindo cha kuseri kwa msika! Ndabwerera mothamanga ngati ndaba kale.

Foni ndaimbadi. Mutinta, mnzanga wa m'chipinda, anakandifunsira ku ofesi. Akuti wamaliro amaloledwa kulemba mochedwa ngati anasiya kalata asanachoke. Ndani amakhala pansi kulemba kalata atamva kuti bambo ake amwalira? Anawonjeza kuti anyamata a m'kalasi akufunsa kuti Nyasa wathu ali kuti, manotsi ake tikuwafuna. Ndinaseka, kenako ndinaika foni.

Mai Zubeda, akazi awo a Osman, anandipatsa tiyi wa mkaka ndi buledi. Ndinadya zonse, nyenyeswa zomwe. Manyazi anandigwira ndili kale pa matola. Amangira amayi shuga pang'ono m'kapepala.

Lachitatu, 20 Febuluwale

Gerald wafika masana, wapansi, akutsimphina. Njinga palibe, chimanga palibe, thumba lomwe palibe. Masiku onsewa amakweza matumba olandidwa pa lole, lero amuloza njira ya kwawo.

Akuti, "Ife osauka amangotilanda n'kutisiya. Amene akumufuna ndi wa mapepala." Anagwidwa naye mphunzitsi wina wa kwa Dambe, pasipoti m'thumba, yopanda chidindo. Ameneyo sanamusiye, anamukweza pa lole ya ku Chipata. Gerald akufotokoza choncho anandiyang'ana. Wakumbuka. "Asuweni, ndakulakwirani." Ndamuuza adye kaye. Panjinga paja palibe anandimangirira.

Ndawauza amayi. M'siwa, anthu atatuluka, ndawapatsa kabukuko m'manja. Iwo amawerenga buku la nyimbo basi, zidindo sazidziwa, koma anatsegula tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto. "Ndiye kakuti sunabwere?" Inde amayi. "Nanga amene ndinamutsina kumanda uja ndani?" Sanaseke. Anafunsa tsiku la mayeso, ndinawauza, anafunsanso ngati sanamve. Anandibwezera. Zala n'kubwerera pa kolona.

Ndimayembekeza chiyani? Kaya. Koma osati chete ameneyu.

Lachinayi, 21 Febuluwale

Lachinayi lija ndinati ndinyamuka.

Ndakangana ndi amalume. Ulemu unandithera. Ndati bambo anagulitsa ngolo kuti ndimalize Fomu 4, sanaigulitse kuti ndidzakhale pano kudikira thobwa wa chimanga chimene kulibe. Iwo: "Sukulu yakukuza mutu, ukulankhula ngati uli pa wailesi." Anthu amva. Ndipepesa mawa, lero ayi.

Chondiwawa n'choti ngakhale atandimasula pompano, ndilowera kuti? Pa boda sindingadutse. Kudambo sindingadutse. Mayiko awiri, onse ndinawalembera mayeso n'kukhoza.

Amayi aang'ono a Anasi afika dzuwa litapendeka, duku lakuda, kolona m'manja, anzawo awiri pambuyo. Adzera kudambo komweko. Akuti a pa tenti anaimirira, wina anavula chipewa. "Ni maliro? Pitani amai, pepani." Amayi anadzutsa mutu, anawauza abwerezenso. Kenako awiriwo analowa kuchipinda. Ine ananditumiza kumadzi mitsuko ili yodzaza.

Lachisanu, 22 Febuluwale

Tameta.

M'mawa amayi anatuluka m'siwa okha, koyamba chiikireni maliro, beseni la madzi m'manja ndi lumo la bambo, n'kukaika patsogolo pa amalume. Sanakweze mawu. "Achimwene, lumo ili, madzi awa. Mwamuna anali wanga. Wa ludzu chitsime akuchidziwa." Amalume anayang'ana abale a ku Kasungu. Wamkulu wawo anakhosomola, ati nawonso minda anaisiya yokha ndipo akuba sagona. Amalume anatola lumo. Sindimadziwa kuti ndidzaona zimenezi ndi maso angawa, amayi anga kudumpha thobwa.

Anandimeta ndi a Anasi. Tsitsi limene Mutinta anandiluka tsiku lathunthu, pansi, nkhuku zikulijompha. Mutu ukuzizira. Pa chithunzi cha pasipoti ndili ndi tsitsi mpaka m'mapewa.

Ndapepesa kwa amalume. "Zatha," osandiyang'ana. Nditadzuka: "Ukalembe bwino." Ndiye kuti akudziwa.

Zimene anapangana kuchipinda n'izi. Mawa m'mawa amayi a Legio akukadzika mtanda pamanda. A Anasi abwerera kwawo lero, mawa adzafika kumandako ndi gulu lawo kuchokera mbali yawo. Tikakumana pa mtumbira, tikatuluka magulu awiri. Ine ndikatuluka ndi gulu la uko. Chikwama chitsala, wopita kumanda sanyamula chikwama. Pasipoti amayi aisokera m'kati mwa siketi ndi ulusi wakuda. Manotsi ochepa ndi kakope aka m'bulauzi. Ndakhala masana onse kusankha masamba oti ndisiye, ndipo lililonse likuoneka kuti ndilo lidzabwere pa mayeso.

Pa tenti paja kankhalangoko kamaoneka konse, ndi njira zonse ziwiri zotulukira. Ndiye malangizo a amayi. Kutsanzikana kulibe. Chanza kulibe. "Ukatuluka mmenemo ndiwe mwana wa Anasi. Ndi khalidwe lako lija la kumanda. Usacheuke." Ndati inde. Nanga akatiwerenga mitu popita n'kuwerenganso pobwera? "Awerenga bwanji, maduku onse ndi ofanana." Nanga akandifunsa? Akuti ndisatsegule pakamwa, Chichewa changa chadzaza chizungu.

Ndafunsa china. Kodi si tchimo kubisala kumbuyo kwa mtanda wa bambo? Amayi anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Bambo ako akanaunyamula okha." Ndimafuna kunena zambiri, anayamba kupeta madeya.

Ndikagwidwa mawa, ndigwidwa pamaso pawo. Ichi ndiye chikundiopsa koposa lole.

Lamlungu, 24 Febuluwale. M'basi, titadutsa mlatho wa Luangwa.

Wapolisi wa pa mlatho watsegula, waona pemiti, wayang'ana chithunzi, wayang'ana duku, wayang'ananso chithunzi. "Muli ku sukulu? Zili bwino." Wandibwezera. Zili bwino. Kabukuka kayambanso kunena zoona, kungoti maliro a bambo anga mulibemo. Mawa mayeso. Theka la manotsi lili kwa Mlonyeni. Ndilemba zimene mutu wometawu wasunga.

Za dzulo, ndisanazisokoneze.

Mame, nyimbo, mtanda paphewa la mai Esitele amene amatsogolera Legio, penti isanaume. Ine pakati, duku, chitenje cha amayi, patapata m'manja. Tinafika powoloka. Tenti apa, utsi wa tiyi wawo, njinga ya Gerald pamwamba pa zinzake. Mmodzi anatuluka, mfuti paphewa, n'kuyenda nafe pambali, akuunika nkhope ndi nkhope. Ulusi wakuda uja ndimaumva pa ntchafu ngati ukuoneka. Atafika pa ine amayi anakweza nyimbo, onse anakweza. Anabwerera. Koma mu tenti sanalowe. Anakakhala pa chulu, nkhope kumanda.

A Anasi tinawapeza afika kale. Tinazula udzu, tinadzika mtanda, kolona. Penti inatsetsereka pa dzina la bambo, Aleck yakhala ndi mchira. Amayi anagwada pambali panga, phewa lawo likukhudza langa, mafupa okhaokha. Sanandiyang'ane. Titamaliza anadzuka, anasasa mawondo, ananyamuka ndi gulu lawo. Basi. Ine ndinatola khasu la a Anasi n'kuika paphewa ngati mwana wa pakhomo, njira inayo.

Tinatuluka m'mitengo. Poyera, udzu waufupi, munda wa chimanga kutali. Msana wonse ukuyabwa, ndikudziwa kuti wa pa chulu akuona. A Anasi kutsogolo kwanga anaima ngati akukonza duku, diso kumbuyo. Iwo mwambo amausunga pakakhala owaona. Ndiye motsitsa: "Iii, amako acheuka." Ndinaphonya phazi. "Aima pakati pa njira, acheuka thupi lonse. Akukufuna ndi maso. Yenda iwe, usayerekeze."

Amayi anga. Omwe aja ananditsina ali ogwiriziridwa ndi anthu awiri.

Ndinayenda. Khasu paphewa, maso pa zidendene za a Anasi, mpaka tinalowa m'chimanga. Mmenemo ndinacheuka, koma kunali chimanga chokhachokha.

A Anasi akuti tikulowa m'mundamo amayi anali asanasunthe. Sindikudziwa ngati anandizindikira pakati pa maduku aja, ofanana onse, monga ananena okha. Basi ikugwedeza kwambiri, mizere sindikuiona